Mipando ya Atate Si Yokwilila m'Matope

Kumpoto kwa Canada
9 Malichi 1998

Mlongo wanga Josiah,

Ndikhulupilila kuti nonse muli bwino ku Mwape. Chifuwa cha amai chinatha? Nanga mwendo wa atate ukali kutupa? Ine ndili bwino, kungoti kuzizila kwa kuno n'kosakambika. Ukatuluka panja mphuno imauma, ndipo ndiwo za chibwabwa ndimangoziona kumaloto.

Kalata ya mkazi wako Abby inafika dzulo. Usamukalipile, wachita bwino kundiuza. Akuti kuli munthu wa ku Lusaka amene amabwela pa Nyimba ndi kagalimoto kudzagula mipando imene atate amasema, ndipo iwe umayamba waikwilila m'matope kudimba milungu itatu, kenaka n'kuifukiza utsi kuti ioneke ya makolo. Munthuyo amakauza azungu kuti woisema anafa kalekale ndipo dzina lake silidziwika. Josiah, atate ali moyo. Umadya nawo mbale imodzi.

Chandipweteka koposa n'chakuti unawaletsa kusema zimene amakonda. Basi yawo ya mtengo ija, ya azimai ogulitsa nthochi pamazenela, akuti unainena kuti n'choseweletsa cha ana. Tsopano kasemasema anamutsomeka kudenga, iwo amangoswela pakhonde. Ndikudziwa kuti chisiyileni boma kuthandiza pa feteleza zinthu zavuta. Ndi mavuto omwewo anandithamangitsila ine kuno. Koma njala sinayambe yachititsa munthu kulengeza malilo a atate ake akali kupuma.

Ndikuuze za anthu amene ndimawasamala kuno. Eni dziko lino amatchedwa Ainuiti. Kwawo kulibe mtengo ngakhale umodzi, ndiye amasema miyala. Pachipatala chathu pamabwela mkulu wina, a Simon, wodwala mapapo chifukwa cha fumbi la miyalayo. Amasema zimbalangondo ndi alenje monga ankachitila makolo awo. Mwana wawo Jennipher sagwila mwala, amajambula papepala zimene amaona lelo: anthu oonela wailesi yakanema, ana pasitolo, ngakhale mzele wa odwala pakhomo pathu. Anandijambula inenso nditavala majekete awili ngati thumba la makala, ndipo sindinamukhululukilebe.

Awiliwa sagwilizana. Tsiku lina anakanganilana pamaso panga ndikuwayeza a Simon magazi. Iwo anati zojambula za mwanayo si ntchito, chifukwa mulibe nyama. Jennipher anayankha kuti iye sanapiteko kosaka, ndiye sangajambule bodza. Komabe amatengela ntchito zawo kunyumba imodzi ya bungwe la m'mudzi, ndipo chilichonse chimachoka ndi dzina la mwini wake. A Simon amalemba lawo pansi pa mwala. Wogula wakutali amadziwa kuti kuli nkhalamba yakuti, m'mudzi wakuti.

Ndinawauza kuti atate anganso ndi mmisili, ndipo ndinawafotokozela za basi ija. Anafunsa mafunso ambili: mtengo wake ndi wolimba bwanji, umang'ambika kapena ayi, mateyala amazungulila. Mlungu wotsatila anabwela ndi tupa yawo yakale, chogwilila chake cha nyanga, nati ndiwatumizile atate, chifukwa manja awo tsopano akunjenjemela. Ili m'phukusi limene ndatumiza pa adilesi ya amalume ku Petauke. Ndiye taganiza, munthu wandipatsa chida chimene wagwilitsa ntchito zaka makumi atatu, ine ndikamuuze kuti amene akuchilandila analeka kusema chifukwa mwana wawo anawaletsa?

Pempho langa ndi limodzi. Fukula mipandoyo, uitsuke, utenthe waya pamoto atate alembe dzina lawo pansi pa uliwonse. Wa ku Lusakayo akaikana, aikane. Kenaka uitane wojambula zithunzi wa pamsika wa Nyimba awajambule atate atanyamula basi yawo, unditumizile msanga. A Simon amafunsa za chithunzicho nthawi zonse akabwela, ndipo adokotala andiuza pambali kuti mwina sadzafika mwezi wa Juni. Makalata amatenga milungu isanu. Usachite zako zija zozengeleza za mailo, mailo.

Kalata ino uwawelengele atate yonse, osadumpha pamene ndakukalipila. Abby adzakhala pomwepo, ndipo adzandiuza.

Upeleke moni kwa amai, kwa amalume a Abednego ndi banja lawo, kwa azakhali a ku Sasare, ndi kwa mulamu wanga Abby. Ana uwauze kuti masiwiti ali m'phukusi lomwelo, koma tupa asaikhudze.

Ndakwiya nawe, koma ndikali mlongo wako,
Christabel