Mphuno ya Eleuterio

Alamu anga a Nicanor,

Chisomo cha Ambuye chikupezeni ku Punta Arenas komweko. Kuno ku Guarilihue mphesa zayamba kupsa.

Mudziwa kuti m'vinyo wathu sitithira mankhwala. Mlonda wake ndiye mphuno ya akulu anu, amuna anga a Eleuterio. Lachiwiri ananunkhiza mbiya ya vinyo wosasa, nati, "Mayi, uyu ngwa paukwati." Ndinayesa nthabwala. Pamenepo anandifunsa ngati atate wanu abwerako kumunda, amene tinawaika m'manda kalekale.

Tikatchera mphesa, adzatsikira okha m'dzenje la vinyo wowira. Akadzaiwala kandulo yoyesera mpweya wakupha wa m'dzenjemo, sindidziwa chimene chidzachitike. Ana sindinawauze. Idzani msanga; kapena inu adzakumverani, akakuzindikirani.

Mulungu atchinjirize nyumba yanu yonse.

Ine mlamu wanu,
Clorinda