Jakisoni pambali pa mphini

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Ine kuno kunja Mulungu akusunga.

Ndamva kuti a Nachisale akukuuzani zoti ndadzipereka kwa azungu kuti azindiyeserapo mankhwala ngati khoswe. Mtima ukhale m'malo, ndinalowa ndekha, wondikakamiza panalibe. Mukudziwa mmene ndimavutikira kuno udzu ukachita maluwa. Maso amayabwa, ndipo ndimayetsemula mpaka kulephera kudyetsa okalamba amene ndimawasamalira. Chaka chatha abwana anatsala pang'ono kundichotsa ntchito. Ndiye chipatala china chikuyesa jakisoni amene amathiramo pang'ono fumbi la maluwa omwewo, kuti thupi lizolowere. Ena akubayidwa mankhwala enieni, ena madzi chabe, ndipo satiuza.

Lachiwiri ndinakwera basi ku Lewisham, dera limene ndimakhala, kupita kukabayitsa. Anesi atandipinda mkono wa malaya anaona mphini zija munanditemetsa ndili mwana chifukwa cha chifuwa. Ine manyazi, poti kuno ndimazibisa. Atafunsa, ndinawafotokozera kuti kwathu amacheka pang'ono n'kupakamo mankhwala.

"Ndiye zinathandiza?"

Ndinati, "Kaya, sindikudziwa."

Anaseka. "Ifenso athuwa sitinadziwe, n'chifukwa chake tikuyesa." Kenako anabaya pambali penipeni pa mphini zanuzo.

Muwapatse moni onse kunyumbako. A Nachisalewo muwauze kuti woyamba kuyeserapo mankhwala pamkono umenewu ndinu, ndipo ndidakali moyo. Muzindipempherera kuti angawa asakhale madzi. Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike