Khadi la Jaffalie

Lolemba, 7 Sepitembala 1987

Ajira, lemba monga ndikunenera, usakometsere.

Ine ndine Abiti Dinala wa kwa Mponda, mayi wake wa Khansala Jaffalie Abudu. Akundilembera ndi mwana wanga wamkazi, Ajira, chifukwa maso anga anatopa. Kope ili lizikhala pansi pa thumba la mpunga.

Jaffalie wabwera masana ano, tiyi wakana. Akuti Lachisanu lapitali achinyamata a chipani anagwira munthu wa ku Mozambiki pokwerera basi, ali ndi khadi la chipani lolembedwa dzina la Jaffalie. Munthuyo akungoti anatola pamsewu, dzina lake lenileni sakutchula. Loweruka likubwerali komiti ya chipani ikhala pansi. Jaffalie akapezeka wolakwa ukhansala watha, ndipo mwina osati ukhansala wokha.

Wandifunsa, "Amama, chitini cha makhadi chija chili kuti?" Ndamupatsa. Watsegula, wawerenga otsalamo, wandiyang'ana, watseka. Wapita osatsanzika.

Lachiwiri, 8 Sepitembala

Ndayenda lero mpaka mapazi kutupa. Ndimafuna anthu oti akamuyankhulire Loweruka.

Zaka zisanu ndi zinayi mwana wanga ali m'khonsolo. Izi ulembe bwinobwino. Pamene ankafuna kukweza msonkho wa amayi ogulitsa usipa pamsika, okana anali atatu, ndipo woyamba kukweza dzanja anali iye. Mjigo umene ankafuna kukumba kuseri kwa nyumba ya mlamu wawo wa apampando, iye anati upite kusukulu ku Chowe, ndipo unapitadi. Chaka chatha ankati asodzi achoke padoko lathu kuti bwana wina wa ku Blantyre amangepo nyumba yopumulira. Onse anavomera. Jaffalie yekha anakana, mpaka nkhaniyo anaiimika kaye. Mabwato akadali pomwepo.

Ndawakumbutsa amayi a usipa zonsezi. Wina wati, "N'zoona, anganga, koma ife tili ndi ana." Asodzi angoweramira maukonde awo ngati lero ndiye aona zibowo. Mmodzi wandinong'oneza kuti mpando akuufuna ndi Simioni, uja amagulitsa makhadi awiri kwa mayi wapakati, lina la mwana wa m'mimba. Simioni! Munthu woti chibadwire sanatsutsepo kanthu, ngakhale mtengo wa nkhuku.

Lachitatu, 9 Sepitembala

Tseka chitseko.

Lolemba ndinalembetsa bodza. Maso anga ali bwino, ulusi ndimalowetsa ndekha pa singano. Sindidziwa kuwerenga. Ku madarasa a kumzikiti ndinaloweza ndi pakamwa, kusukulu sindinapondeko. Iwe ukudziwa, koma lembabe.

Munthu wagwidwayo ndi amalume ako Uladi, mlongo wanga wa bere limodzi, amene amakhala ku Mozambiki. Anathawa nkhondo, analowera ku Chiponde, anafika pano mwendo utatupa ngati mtondo, iwe uli ku Chowe kumaliro. Anagona masiku awiri m'khitchini. Chilondacho chinafunika chipatala chachikulu ku Zomba, koma basi sukwera wopanda khadi, ndipo kukagula kwa Simioni kukanakhala kudziulula. Ndiye ndinakumbuka kuti mu Januwale Jaffalie anagula makhadi a banja lonse n'kundisungitsa m'chitini, ndi lake lomwe, poti khansala wovala baji pachifuwa safunsidwa khadi. Bambo ako anatisiya mu Malichi, lawo linatsala latsopano. Ndinati womwalira sakwera basi, liwathandize alamu awo.

Makhadi onse ndi ofanana, Ajira. Mtundu umodzi, nkhope imodzi. Ndinatenga la pansi penipeni, ndikuganiza kuti la mwini nyumba ndilo limayamba. Uladi naye sawerenga, anangolipsompsona n'kuika m'thumba. Ana a sukulu ankadutsa pakhomo nthawi imeneyo, ndikanatha kuitana mmodzi. Koma mayi wa khansala apemphe mwana wa Sitandade 2 kuti amuwerengere?

Usalirire pa kope, inki isungunuka.

Lachinayi, 10 Sepitembala

Ndamuuza Jaffalie. Wati, "Ndinadziwa Lolemba lomwe, nditaona la ababa lili momwemo."

Ndati Loweruka ndikaulula ndekha. Wakana. Akuti ndikatero anditenga ine, Uladi adziwika kuti ndi wathu, ndiye mlandu ukhala wakuti banja lonse limabisa anthu akunja. Iye akangonena kuti khadi linagwa m'thumba, akamudzudzula, mwina zikathera pomwepo. "Inu musabwere n'komwe, amama. Chonde."

Ndamufunsa ngati kapepala kangalemere kuposa zaka zisanu ndi zinayi za ntchito. Waseka, koma osati kuseka kwabwino. Wati zonse anachita zili m'buku la khonsolo, ndipo pemphero lake n'lakuti Loweruka bukulo lisatsegulidwe. Sindinamve chimene amatanthauza. Munthu angaope bwanji ntchito zake zabwino?

Lachisanu, 11 Sepitembala

Mwamuna wa Ajira akuti kumzikiti anthu amupatsa Jaffalie salamu ya patali.

Loweruka, 12 Sepitembala

Ndinapita. Ndinavala chitenje cha chipani chatsopano chija, n'kukhala kutsogolo.

Holo yodzaza. A Willard, apampando a chipani kuno, anakweza khadi m'mwamba kuti aliyense aone. Anati wotaya khadi wataya chipani. Jaffalie anaimirira mwaulemu, anati linagwa m'thumba, akupepesa. Simioni anafuula ali chikhalire, "Nanga bajiyo siigwa bwanji, akhansala? Kapena thumba lanu limabooka likaona alendo?" Anthu anaseka. Ena mwa osekawo amamwa madzi a mjigo uja.

Pamenepo ndinaimirira. Za chitini sindinanene, mawu ake ndinasunga. Ndinangoti, inu mukuyesa munthu ndi kapepala, bwanji osamuyesa ndi dzanja limene wakhala akukweza m'khonsolo? Ndinatchula za usipa, za mjigo, za doko. Sindinaphonye chaka ngakhale chimodzi. Oseka aja analeka kuseka. Ndinaona ngati ndawagwetsa.

A Willard anandipatsa ulemu wonse. "Amayi athu ayankhula bwino. Tabwerezani pang'onopang'ono kuti alembi alembe. Mwati anakana kangati?"

Ndinati katatu pa nkhani zikuluzikulu, zing'onozing'ono sindiwerenga.

"Za doko mwati anali yekha?"

Ndinati yekhayekha, ndipo ndinanena mokweza kuti akumbuyo amve.

"Ngakhale atauzidwa kuti chipani chagwirizana kale?"

Ndinati eya, mwana wanga saopa munthu.

Ndi pamene ndinatembenuka kuyang'ana Jaffalie. Anali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

A Willard anati, "Ife timayesa n'kusasamala chabe. Kani ndi matenda akale. Zikomo, amayi, khalani pansi."

Lamulungu, 13 Sepitembala

Ukhansala anamuchotsa dzulo lomwelo, baji anavula pamaso pa anthu. Dzina la Simioni akuti latumizidwa kale kuti alowe m'malo mwake. Jaffalie sanabwere kuno. Mkazi wake Asiatu wandidutsa pampopi, ndowa pamutu, osandilonjera. Sindinamuitane.

Lolemba, 14 Sepitembala

Landirova yabwera dzuwa litakwera pang'ono, anthu akupita kumsika. Amuna awiri ovala wamba. Ndathamanga, ine wosathamanga zaka khumi, ndapeza akumukweza. Akuti akangoyankha mafunso pang'ono. Msewu wonse anthu anali pamakomo, palibe anasuntha.

Ndagwira chitseko cha galimoto. Ndimafuna kunena za chitini, pakamwa panatseguka kale. Jaffalie wandigwira mkono, wafinya. "Amama, zonse munanena m'holo zinali zoona. Zakwana. Musawonjezere china."

Sindikudziwa ngati amanditonthoza kapena amandiweruza.

Za Uladi ndamva kuti anamukweza lole yobwerera kumalire, mwendo uli chomwecho.

Lachiwiri, 15 Sepitembala

Uthenga wabwera kuti timutumizire Jaffalie bulangete ndi zovala, ndipo mtolowo ukhale ndi dzina pamwamba. Asiatu wabweretsa malaya awiri, wasiya pakhonde, wabwerera. Ine ndaikamo bulangete langa lolemera lija, kofia yake, ndi sopo. Ndamanga ndi nsalu yoyera, mfundo ziwiri.

Ajira walemba dzina pansaluyo ndi bolopeni, zilembo zikuluzikulu. Ndamuuza kuti asanyamule kaye, andionetse poyambira. Waloza. Chilembo choyamba chili ngati mbedza yophera kampango. Ndamufunsa ngati dzina la bambo ake nalo limayamba ndi mbedza. Wati ayi, lawo limayamba ngati denga la nyumba.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikuitana mwana wanga, osadziwa kuti dzina lake lili ndi mbedza kutsogolo. Pa khadi lija inalipo. Ndinaigwira ndi chala ichi.

Ajira, siya kulemba. Ndipatse bolopeniyo, undigwire dzanja.