Malo a Nsalu za Alamu a Rakele

Zingwangwa, Blantyre
17 Okutobala 1999

Okondedwa achimwene a Reinford,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino nonse ku Chezi. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Kuno ndili bwino, kungoti dzuwa likuotcha ndipo madzi pampopi akungobwera mwa apo ndi apo.

Ndidakali pa sitolo ya a Howard ija yogulitsa ziboliboli ndi zoluka. Chaka chino aganiza zoika katundu wathu pa Intaneti, kuti munthu wa ku Ulaya aziona zithunzi zake pa kompyuta n'kuitanitsa. Kuti zitheke, timachita lendi malo mu kompyuta yaikulu ya kampani ina ya m'tauni, yomwe sizimitsidwa. Malowo amawayeza m'mamegabaiti, ndipo a Alexio a ku kampaniyo anatifunsa kuti tikufuna angati.

Apa panavuta. A Alexio ankati titenge aakulu, tisadzadandaule. A Howard ankati titenge ochepetsetsa, chifukwa sangalipire lendi ya chipinda chogonamo mphepo. Mapeto ake anandiuza kuti ine amene ndimagwira kompyuta ndiyeze.

Ndinapeza kuti mawu sadya malo: mbiri yonse ya sitolo ndi mitengo ya katundu sizifika pa chithunzi chimodzi. Zithunzi ndiye zadyera. Tikazichepetsa bwino, makumi awiri zimakwana mu megabaiti imodzi. A Howard anawerenga katundu wawo, nati ndiye kuti mamegabaiti asanu akwana. Ndinawakumbutsa kuti makalata a ogula nawonso amafikira momwemo, ndipo malo akadzaza, kalata imabwerera kwa mwini wake ife osadziwa. Iwonso anakumbuka kuti Khirisimasi ikamayandikira katundu amachuluka. Tinagwirizana pa khumi.

Taikamo zonse, malo ena atsala. A Howard anati andipatsa mpaka kutha kwa Novembala kuti ndipeze katundu woikapo. Ndikalephera, apatsa munthu wina wa ku Zomba woumba mbiya. Nthawi yomweyo ndinaganiza za alamu a Rakele. Ndinawaonetsa a Howard nsalu yapatebulo imene alamuwo anandilukira. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati mwini wake angaluke khumi zofanana.

Achimwene, m'kalata yanu munati abale a alamu akufuna kudzawatenga pamodzi ndi ana akangokolola, poti chimwalirire achimwene a Luke palibe wowagulira ngakhale sopo. Munatinso amayi akangomva nkhaniyi amangolowa m'nyumba. Zimenezi zakhala zikundilemera. Alamu atakhala ndi kopezera pawokha, mwina nkhaniyi ingakambidwe mwina.

Pempho langa ndi limodzi. Tengani nsalu zawo zonse zomwe zilipo, mupite nazo kwa a Samueli ojambula aja pa Ntchisi Boma mvula isanaononge msewu. Aziyale pa chinthu chakuda, panja pamthunzi, nsalu iliyonse chithunzi chake. Munthu asaimepo. Zithunzizo mutumize papositi, kuno ndiziika ndekha mu kompyuta.

Koma muyambe mwawafunsa eni ake, ndipo musawalonjeze zambiri. Sindikudziwa ngati wina adzagula. Ziboliboli zathu zomwe palibe amene waitanitsa mpaka lero. Muwauzenso kuti si nyambo yoti akhale kwathu. Akasankha kubwerera kwawo ku Bowe, malo a pa kompyutawo ndi awobe, ndipo ine ndizikatenga nsalu komweko. Anasamala m'bale wathu mpaka tsiku lomaliza.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume a Elifala ndi azakhali, ndiponso kwa alamu anga a kunyumba kwanu. Ana anu, Wezzie ndi Elisha, muwauze kuti azakhali awo akufuna kalata yolemba okha, ngakhale ikhale yokhotakhota.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Talandira