Nkhafi Yachiwiri ya Zaituni

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Lungwena tilipo, Alhamdulillah. Usipa chaka chino wachepa, koma chinangwa cha m'munda mwanu chachita bwino. Mwana wanga Mariamu wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Ine maso afooka, ndiye akundilembera ndi Zaituni, mdzukulu wanu uja munkamuletsa kugenda mango.

Nkhani ndi ya iyeyu. Masiku ano amasewera puulu, masewera ogunda mipira ndi ndodo patebulo kuti ilowe m'mabowo. Poyamba ndinakana, ndinkati ndi za kumowa. Kenako ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukaona ndekha. Amayi, mwanayu akawerama patebulo, chipinda chonse chimangoti zii. Anagonjetsa amuna andevu mpango wake uli kumutu. Ndinabwerera ndikuseka ndekha njira yonse.

Chaka chatha, pa mpikisano wa ku Zomba, anafika mpaka masewera omaliza. Pamenepo kachikopa ka kunsonga kwa ndodo yake kanagwa. Anamaliza ndi yobwereka, imene dzanja lake silinkaidziwa, ndipo anagonja. Chaka chino akubwererako.

Yusufu, mlongo wake wa Zaituni amene ali ku Joni, wapeza mmisiri woti amusemere ndodo yakeyake, yoyeza pa mkono wake. Ndodoyo imagawika pawiri: kogwira, ndi mbali yowonda yogundira, imene amati shafiti. Mmisiri akufuna yankho pofika Lachisanu kuti shafiti zikhale zingati, chifukwa amazisema pamodzi pa thabwa limodzi. Akuti ukaitanitsa ina pambuyo pake, sifanana ndi yoyamba. Anzake a Zaituni akuti zitatu, koma kumeneko ndi kudzionetsera. Mwiniwake akuti imodzi yakwana, safuna kulemetsa mlongo wake. Yusufu wati ndigamule ine.

Ndakumbukira chaka chimene nkhafi ya abambo inathyoka pakati pa nyanja, mwera n'kuwakankhira mpaka ku Nkhudzi. Tinawadikira masiku awiri, inu osadya. Kuyambira pamenepo munkatsikira nokha kudooko kukaika ina m'bwato, n'kumati, "Nkhafi yachiwiri silemetsa bwato." Munkawaumirizanso kuti azizisinthanitsa, kuti manja azolowere zonse ziwiri.

Ndiye ndagamula, ndipo Zaituni akumva koyamba pompano pamene akulemba. Zikhale ziwiri, ndipo azisewerera zonse, lero iyi, mawa inayo. Wayamba waima kaye, akupukuta maso ndi mpango. Mukaona inki yafalikira pamzere uno, mudziwa chifukwa chake.

Sindinakwerepo minibasi kupitirira pa Liwonde, koma ndikukulonjezani kuti tsiku la mpikisano ndidzapita. Ndidzakhala pampando wakutsogolo, shafiti yachiwiri ili pamiyendo panga, monga munkachitira inu padooko.

Lachisanu ndikapereka yankho kwa Yusufu, ndidzakupemphererani dua. Allah akukulitsireni malo m'manda mwanu.

Ine mwana wanu wokukondani,
Saidi