Banja Lakhumi

Mualadzi, Chifunde
14 Julho 2024

Okondedwa achimwene a Elídio,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu a Nilza ndi ana muli bwino ku Beira. Kuno chimanga tinakolola, ngakhale sichinafike pa cha chaka chatha, ndipo chisanu chaluma kwambiri. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Za foniyo ndinena kutsogoloku.

Nkhani ndi ya alamu anu, abusa a Hezekiya, ndi sukulu yawo yosatha ija. Paja munkawaseka kuti adzafera m'mabuku ngati njenjete. Tsopano ali pa dotoramento ya utumiki ndi kusamalira akhristu. Akatsiriza azitchedwa dotolo, ngakhale sadzapatsa munthu ndi panado yemwe. Zimene sukuluyo inafuna poyamba sizinandivute: madigiri awiri am'mbuyo, zaka zingapo akuweta mpingo, umboni wa akuluakulu a mpingo, ndi kumapita ku seminaliyo kawiri pachaka, ine n'kumalimbana ndi munda ndekha. Chatiika m'madzi n'chomaliza. Wophunzira amayenera kugwira ntchito yooneka mumpingo wake womwe, ailembe m'buku lalikulu, kenaka akaliteteze pamaso pa aphunzitsi. Alamu anu anasankha kutonthoza anamfedwa. Aphunzitsi anati ayende ndi mabanja khumi oferedwa, azijambula mawu awo pafoni, ndipo wamkulu wa banja adinde chala papepala kusonyeza kuti wavomera.

Alamu anu mukuwadziwa, mtima ngwabwino koma pakamwa palibe chitseko. Tsiku la Pasaka anaima paguwa, nkhope ili mwee, n'kunena kuti, "Abale, mundipempherere. Mabanja oferedwa ndapeza kale anayi, atsala asanu ndi limodzi kuti ndilandire udotolo." Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Titafika kunyumba ndinawafunsa kuti, "Bambo a Érica, mwadzimva zimene mwanenazi?"

Iwo ati, "Ndanena zoona. Zoona zinayamba liti kuopsa?"

Ndinawauza kuti kuno munthu sawerenga maliro asanagwe, ndipo wowawerenga amamuyesa mwini wake. Anangondiseka, ati mkazi wa m'busa asamaope zachikunja.

Basi chisanu chinafika. A Júlio, mkulu wa mpingo uja, anapita ndi chibayo. Kenaka khanda la a Tânia, kenaka amuna a Celeste a kutsidya kwa dambo, kenaka ena awiri. Imfa zake n'zomwe timaziona chaka ndi chaka, koma chaka chino anthu ali ndi poziwerengera. Ndiye alamu anu, ndi changu chawocho, amafika pasiwa panjinga adzukulu asanagwire n'khasu lomwe, foni ili m'thumba la malaya. Lero mabanja akwana asanu ndi anayi, ndipo palibe mwana m'mudzi muno amene sakudziwa kuti latsala limodzi.

Mabenchi m'tchalitchi ayamba kuoneka. Ndikafika pamjigo amayi amasuntha ndowa zawo kuti nditunge msanga ndichoke, ulemu umene sindinaupemphe. Abusa akapita kukapempherera wodwala amauzidwa kuti wapita kudimba, chikhosomo chake chikumveka m'nyumba. Sabata yatha a Celeste anabwera, mpango wakuda uli kumutu, n'kuima pabwalo osalola kukhala pamphasa.

"Abusa, ndibwezereni chala changa ndi mawu anga."

"Amayi, mapepalawo ndinatumiza kale kusukulu. Akusungidwa bwino, dzina lanu silidzatchulidwa."

"Mwatumiza? Kwa anthu oti sindikuwadziwa? Amuna anga anapita, tsopano chala changa chatsogola."

Anachoka akulira mokweza, ndipo anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera.

Ndinawachonderera alamu anu kuti asiye. Iwo ati, "Ndikasiya pa lachisanu n'chinayi ndiye kuti ndavomera kuti ndinakhwima. Ndipo oferedwawo ndiwasiyire yani?" Apo akunena zoona. Ndimawaona akubwera kumaliro maso ali psuu, osafuna n'chakudya chomwe. Munthu wokhwima salira chotero.

Dzana m'mawa ndinapeza masamba aawisi atayalidwa panjira, uku ndi uku kwa nyumba yathu, monga timachitira pakagwa zovuta. Anthu apanjinga ankatsika n'kumakankha, zipewa zili m'manja. M'nyumba muno simunafe munthu. Ndinawachotsa, koma dzulo anawaikanso.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Amayi akudwala. Akukhosomola, m'nthiti mukubaya, ndipo mapiritsi a kuchipatala chathu chaching'onochi sanathandize. Malume a Inácio anabwera kudzawaona, ndipo potuluka anandiitanira kuseri kwa khola. Anati, "Iwe Generosa, mlongo wangayu akatisiya, adzukulu akumba manda awiri. Mkamwini samalizira sukulu yake pa mbumba yanga." Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa.

Za foni ija. Nditalowa m'chipinda ndinapeza alamu anu atagwada pambali pa amayi akupemphera, foni ikusuzumira m'thumba. Atapita kukasamba ndinaitenga n'kukaikwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Sindikhulupirira zimene anthu akunena, achimwene, Mulungu ndi mboni. Koma ndinaibisa, ndipo manyazi akundigwira. Iwo akuifunafunabe, ine n'kumawathandiza kufuna.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Bwerani msanga mudzatenge amayi mupite nawo kuchipatala chachikulu ku Tete. Ngati n'kuchira akachirire komweko. Ngati Mulungu wakonza zina, zikachitikire kutali ndi nyumba ino. Mudzalankhulenso ndi malume, poti amamvera inu nokha.

Érica akupereka moni, ngakhale kusukulu sakupita chifukwa anzake akumuthawa. Alamu anu akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba. Amayi akuti musavutike, n'kachimfine chabe, ndipo akuti sagona mpaka mkamwini wawo awapempherere. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Pogwira cholemberachi ndikungoyang'ana chala changa chachikulu, chifukwa banja lakhumi likakhala lathu, wodinda papepalapo ndine.

Ine mlongo wanu amene akuyang'ana kunjira,

Generosa