Nsapato ya Kumanzere ya Bambo

Durban,
12 Okotobala 2009

Okondedwa Bambo,

Moni wa manja awiri, ndagwada monga munatilerera. Kodi thupi likuti bwanji ndi dzuwa la mwezi uno ku Kabudulako? Nanga chifuwa chija chinasiya? Kuno tonse tili bwino, ine, a Owen ndi mdzukulu wanu Pilirani. Mulungu akutisunga.

Kalatayi ndapatsira mayi wina wa ku Msundwe amene amabwera kuno kudzaoda katundu. Ndaimata kawiri, ndipo ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati kwa mlongo wanga Petro, osatinso kwa abusa. Muwerenge muli nokha. Ndikanatha kuimba foni, koma foniyo ndi ya Petro, ndipo mukamalankhula mudzi wonse umatchera khutu. Komanso ndakutulukirani, Bambo. Ndikangotchula za ulendo, netiweki ya ku Kabudula imathawa pompo. Ndiye ndati ndilembe, poti kalata siduka mawu.

Za kuno n'zochepa. Mvula yayamba kale, yamphepo, moti denga la kukhitchini likudontha ndipo mwini nyumba akungolonjeza. Galimoto ya a Owen yagona kwa makaniko sabata yonse. Kuchipatala kwathu ntchito ndi yomweyo, odwala ambiri, manja ochepa. Pilirani waguluka mano awiri akutsogolo, ndipo Chizulu chikumuthamanga pakamwa kuposa Chichewa. Akalakwitsa ndimamuopseza kuti agogo ake ndi ahedi, adzamuimika kutsogolo kwa kalasi.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Petro anandiuza kuti mwasintha maganizo, simubweranso kuno, ati chifukwa cha nazale ya fodya ndi ntchito za kumpingo. Bambo, inu ndi nazale? Chipumireni pa uphunzitsi, ndi liti munanyamulapo kheni kupita kudambo? Ndinaseka ndekha, koma mtima sunakhazikike. Ndiye ndinafunsa azakhali a Benedeta, ndipo iwo, poti ndi mlongo wanu wobadwa naye, sanazungulire.

Akuti Lamulungu lina mutatuluka m'tchalitchi, amalume a Fanuel anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo n'kumafotokoza za ulendo wawo wa ku Joni. Ati pabwalo la ndege amavulitsa nsapato wina aliyense, kaya ndi mbusa kaya ndi bwana, munthu n'kuima chosavala kuphazi anthu onse akuona. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Inu simunaseke. Munatenga chipewa chanu n'kupita kunyumba, ndipo m'mawa mwake ndi pamene fodya anayamba kukufunani.

Bambo, phazi lanu ndimalidziwa.

Ndalemba mawu amenewa, ndipo sindiwafufuta. Ndinali Sitandade 4. Loweruka lina masana amayi anandituma kukagula mchere, ndinapeza pagolosale potseka, ndiye ndinabwerako msanga. Kuseri kwa bafa, pansi pa mpapaya uja, munali mutakhala pampando, phazi la kumanzere lili m'beseni. Amayi anali chogwada, akulipala ndi mwala, botolo la mafuta lili pambali. Ndinaona kuti chatsala ndi chala chachikulu chokha ndi kachidutswa ka chinzake. Inu munali pa nyuzipepala, simunandione. Amayi anandiona, n'kungoika chala pamlomo. Ndinabwerera chafutambuyo kukakhala kumsewu mpaka dzuwa litapendeka.

Dzina la matendawo amayi anandiuza nditayamba sukulu ya unamwino. Ndilitchula pano kuti tithane nalo: khate. Munadwala muli mnyamata, munalandira mankhwala kwa amishoni, munachira amayi musanawadziwe n'komwe. Azakhali anandiuzanso mmene anzanu ankakuthawirani padambo, ndi mmene mbale yanu inkasungidwira payokha. Ndikamakumbukira zimenezo ndimalira, Bambo, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake ngakhale kumunda munkapita mutamanga zingwe za nsapato. Ana asukulu ankati ahedi amagona ndi nsapato. Ine ndinkaseka nawo, kwinaku ndikudziwa.

Amayi ali gone m'chipatala, masiku awo omaliza aja, anandigwira dzanja n'kunena kuti munda asiyira Petro, mbuzi asiyira azakhali, koma phazi lanu asiyira ine. Ndinavomera. Choncho ndikamakakamira chonchi, dziwani kuti ndikusamala cholowa changa.

Azakhali akuti ntchentche zikumakutsatani mpaka m'tchalitchi, n'kumatera pa nsapato imodzi yokhayo. Akutinso masokosi mukumachapa nokha n'kuyanika kuchipinda. Phazilo lili ndi chilonda, Bambo, ndipo mudzanena kuti sichikupweteka. Ndikudziwa kuti sichikupweteka, ndipo n'chimene chikundiopsa. Phazi limenelo linasiya kumva kalekale, moti chilonda chimadya mwakachetechete mpaka kufika pafupa, mwini wake akuimba nyimbo m'tchalitchi. Kuntchito kwathu ndawaona abambo amphamvu kuposa inu atabwera mochedwa. Amatuluka ndi ndodo ziwiri, buluku atalipinda pabondo n'kulimanga ndi pini. Tikachedwa, nkhani siikhalanso yovula nsapato. Adzakudulani mwendo.

Chipatala chapafupi munakana, ati anamwino ake ndi ana amene munawaphunzitsa. Ku Lilongwe munakananso pa chifukwa chomwecho, ndipo n'zoona, theka la boma lonse linadutsa m'manja mwanu. Munavomera kubwera kuno, ponena kuti mukufuna kudzapimitsa shuga kumene kulibe wokutchulani kuti ahedi. Ine ndinati chabwino, tiyeni titchule shuga. Koma dokotala amene ndinalankhula naye ndi wa mapazi, ndipo akudikira inu. Za basi musayambe n'komwe. Masiku awiri phazi lili lende, kudutsa ku Tete kotentha kuja, mungafike kuno litatupa ngati dzungu.

Amalume a Fanuel nkhani zawo amathira mchere wambiri, koma apa sananame kwenikweni, ndipo ine sindikunamizani. Sikuti amavulitsa aliyense. Pali chipata chimene munthu amadutsapo, chikamva chitsulo chimalira. Nsapato zimene a Nasoni amakusokerani pa Nsaru zija, za misomali ndi tizitsulo kuchidendene, zidzalira basi. Zimalira kale pa simenti ya m'tchalitchi, nanji pamenepo! Ndiye adzakupemphani kuti muvule, muziike m'kabeseni, zidutse m'makina oona zam'kati. Nsanza zimene mumatsendera kutsogolo kwa nsapato adzaziona, koma nsanza si mlandu. Iwo akufuna mipeni ndi mabomba, zala za munthu alibe nazo ntchito. Masokosi savulitsa. Mpando ulipo, ndipo munthu akapempha amatha kumutengera pambali.

Koma ndikudziwa kuti mawu amenewa sakukwanirani, ndiye imvani za mdzukulu wanu.

Mukudziwa kuti Pilirani anabadwa ndi phazi lopindika. Madokotala analiwongola, komabe linatsala laling'ono, la zipsera, ndipo amavala nsapato yokwera yokhala ndi chitsulo m'mbali. Chaka chatha tikuchokera kumudziko komanga chiliza cha amayi, tinasintha ndege ku Joni. Pachipata chija nsapato yake inalira. Mayi wachitetezo anamupempha bwinobwino kuti avule. Mwana anangoti pansi khatha, n'kugwira nsapatoyo ndi manja onse awiri. Sanakuwe ayi. Anangoluma mlomo, misozi ikutsika, maso ali kukhoma. Mzere kumbuyo kwathu unali wautali ngati wa makuponi. Ndinamuyang'ana mwana uja n'kuona nkhope yanu, Bambo, yomwe ija mumaonetsa wina akakhudza nkhani imene simukuifuna.

Ndinagwada n'kumuuza kuti sindimuvula mokakamiza, koma adziwe kuti bambo ake akumudikira tsidya linalo, ndipo njira yopitira kwa iwo ndi yomweyi, ina palibe. Kenaka anamasula yekha zingwe, anaika nsapato m'kabeseni, n'kudutsa pachipata akutsimphina, chibwano chili m'mwamba.

Ine ndinatembenuka nditakonzeka kale kulalatira aliyense amene angamuyang'anitsitse. Mukudziwa pakamwa panga. Koma ndinasowa womulalatira! Bambo wa kumbuyo kwathu, wa suti yodula, anali atagwira buluku ndi manja awiri poti lamba anali atamuvulitsa. Mayi wina wachizungu ankabisa chala chimene chinatulukira pa sokosi yobooka. Wina ankasakasaka pasipoti imene inali m'kamwa mwake. Aliyense anali kalikiliki ndi manyazi ake, panalibe wa nthawi yowerenga zala za mnzake. Pilirani naye anaziona. Tili m'ndege anandinong'oneza za bambo wa buluku uja, n'kuseka mpaka kutsamwa. Chibwerereni, kusukulu akumavula nsapato n'kulowa m'madzi osambira pamodzi ndi anzake, chinthu chimene ankakana chiyambire.

Inu nomwe munkatilembetsa pabolodi kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kodi mwambi umenewu unathera pa amayi okha? Mwatiphunzitsa, mwatilera, mwaimika ana a anthu osawerengeka pa miyendo yawo, zonsezo pa phazi lomwelo. Ine sindichita nalo manyazi. Ndimalinyadira, ndipo ndikulifuna likhalepobe.

Sabata yatha Pilirani anandipeza ndikupukuta misozi nditatha kulankhula ndi azakhali. Anafunsa chifukwa chake agogo sakubweranso. Chinsinsi chanu sindinaulule, ngakhale a Owen sakuchidziwa. Ndinangomuuza kuti agogo sakufuna kuvula nsapato pabwalo la ndege. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati phazi la agogo lili ngati lake. Ndinati akakufunseni yekha. Ndiye anati pa anthu onse amene anamunyamula kumudzi kuja, agogo okha ndi amene sananene kuti pepa ataona phazi lake, anangoligwira m'manja n'kumalisisita. Kenaka anati tipite tikawatenge. Iye adzaima patsogolo panu pamzere, adzayamba ndiye kuvula, ndipo ngati pali wofuna kuyang'ana, ayang'ane lake, inu mudutse.

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, Bambo.

Choncho tikubwera. Tchuthi andipatsa kale, aphunzitsi a Pilirani avomera, ndipo titera ku Lumbadzi Lolemba loyamba la Novembala. Petro adzatichingamire. Tidzagona kumudzi masiku atatu, lachinayi tidzanyamuka atatu. Za ulendowu sindikupempha ayi, ndikungokudziwitsani. Mukakana, sindidzauza munthu chifukwa chake, koma sindidzachokanso pakhonde panu. Ntchito ikatha ithe. Paja mumati makani anga ndinatengera kwa amayi, koma tonse tikudziwa kumene ndinawatenga.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Kuyambira tsiku limene mulandire kalatayi, lolani azakhali a Benedeta azikutsukani chilondacho m'mawa uliwonse ndi madzi owiritsa, atazirala, othira kamchere pang'ono, n'kumanga ndi nsalu yoyera yosita. Iwo analiona phazilo kale inu muli mnyamata, palibe chachilendo kwa iwo. Kutchalitchi muzikwera njinga ya Petro, musamayende pansi. Akulu anzanu akafunsa, muziti mwana wanu wa ku Durban walamula, amandidziwa kale.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti nsalu yawo ndagula. Moni kwa Petro ndi alamu anga a Idah, ndi ana onse. Moni kwa amalume a Fanuel, muwauze kuti ine ndi iwo tili ndi nkhani. Moni kwa abusa ndi amayi a Mvano amene anatigwira dzanja pa chiliza. A Owen akuti chipinda chanu apaka kale penti, ndipo akupereka moni wa mkamwini.

Mukatha kuwerenga, mutembenuze pepala lomalizali. Chimene chili kuseriko si ine ndajambula. Pilirani anaponda papepalapo n'kuzunguliza phazi lake ndi pensulo, zipsera n'kuzilemba ndi inki yofiira. Ati muliyang'ane masiku onsewa mpaka mulizolowere, kuti tsikulo likadzafika musadzamumvere chisoni pamzere, mudzangomasula zingwe zanu.

Ambuye akusungeni, inu ndi miyendo yanu yonse iwiri, mpaka tionane.

Ndine mwana wanu wamakani,
Eunice